Nambala Yamaliseche

Lolemba, 11 Januwale

Chipinda 214, 7:40 m'mawa: madigiri 12. Mgwirizano wathu ndi mzinda umati kalasi isazizire kupitirira 65 wa Fahrenheit, ndiye kuti 18 pa choyezera changa cha mulabu, cha Celsius. Ana m'majekete ndi zipewa. Mayeso a kemisitiri, zala zouma.

Boyila yotenthetsa sukulu yafanso. Bambo Kowalczyk, amene amaisamala, anakwera masitepe kudzandiuza okha. "Aphunzitsi, nkhalamba ijatu ndi yaikulu kuposa ine. Ndikaigogoda ndi sipanala imangotsokomola."

Ana asanu ndi atatu ndawachotsera malikisi. Kulemba "40" osanena kuti 40 chiyani. Magalamu? Mbuzi? Nambala yopanda muyeso ndi yamaliseche. Zaka 19 ndikuimba nyimbo yomweyi.

Lachinayi, 14 Januwale

Madigiri 11.

Msonkhano wa bungwe la aphunzitsi, m'chipinda chapansi cha tchalitchi. Khofi wozizira, madonasi adzulo. Nkhani ndi bilu ya kulikulu: boma la chigawo litenge sukulu zonse za mumzinda. Komiti imene makolo anavotera ichoke, m'malo mwake munthu mmodzi wosankhidwa ndi bwanamkubwa. Sukulu "zolephera" zitsekedwe. Sukulu yathu ya Tillery ndi yachitatu pamndandanda.

Ndawerenga masamba onse 61. Mawu oti boyila mulibemo. Mabuku mulibemo. Namwino mulibemo. Mawu oti "zotsatira" alimo ka 23. Akufuna zotsatira kwa mwana amene sakumva zala zake!

Lamulo limatiletsa sitalaka, ndiye Lorraine, mtsogoleri wathu, akufuna tonse "tidwale" tsiku la voti, tipite kulikulu. Ndinakana pamaso pa onse. Sindinanamepo matenda chiyambire ntchito, ndipo bodza limodzi lingaipitse zoona zathu zonse. Lorraine anangopukusa mutu. "Iwe Odessa, ukadzafika kumwamba udzayamba wapempha kuona mapepala awo."

Ndamupatsa kope langa. Masiku 34, m'mawa uliwonse, nambala. Akuti ajambula tsambalo, agawire aphungu, ndipo ndikayankhule ine Lachiwiri. Mphindi zitatu. Zikwana. Nambala sizifuna kukuwa.

Lachiwiri, 19 Januwale

Basi maola awiri. M'chipinda cha aphungu munali motentha mpaka ndinavula juzi.

Ndinayankhula bwino. Mabuku 22 a ana 140. Namwino mmodzi, sukulu zinayi. Tipatseni boyila ndi mabuku, kenako mutiyeze. Nyali yachikasu yochenjeza za nthawi itayaka ndinali nditamaliza.

Kenako phungu wa tayi yofiira ananyamula tsamba langa m'mwamba. "Mayi Hairston, apa mwalemba 12. Apa 11. Apa 9! Madzi amaundana pa 32 wa Fahrenheit. Mumaphunzitsa ana kapena nsomba za mufiriji?" Chipinda chonse kuseka. "Izi ndiye nambala za bungwe, anzanga. Tsopano mwaona chifukwa chake ana awo akulephera masamu."

Ndinatsegula pakamwa. Nyali yofiira. Maikolofoni azimitsa. Wapampando akuti nthawi yanga yatha, wotsatira.

Ndinayang'ana tsambalo. Tsiku, nthawi, nambala. Chilembo C palibe. Paliponse palibe. Kopelo linali langa ndekha, ndinkadziwa chimene ndikuyeza. Masiku 34 a nambala zamaliseche, m'dzanja langa lomwe.

M'basi Lorraine sanandinene. Bola akanandinena.

Lachitatu, 20 Januwale

Madigiri 12 a Celsius. 54 a Fahrenheit. Kuyambira lero ndilemba zonse ziwiri.

Nyuzipepala, tsamba loyamba: APHUNZITSI AKOKOMEZA ZA KUZIZIRA. Chithunzi changa, pakamwa pali yasa. Mtolankhani anali ndi nambala ya foni yanga. Sanaimbe.

Kalata kwa mkonzi, kalata kwa wapampando, kalata kwa wa tayi yofiira. M'kalata iliyonse kasamu kake: chulukitsa ndi 9, gawa ndi 5, onjezera 32. Mwana wazaka 12 amatha. Munthu amene akufuna kulamulira sukulu 90 sanadzifunse n'komwe kuti mphunzitsi wa sayansi amayeza ndi chiyani. Kapena anadziwa. Izi ndiye zikundidya. Ndikuganiza kuti anadziwa.

Piriyodi yachitatu, mtsikana wina kumbuyo, mwaulemu wake wonse: "Mayi Hairston, tikuchotsereni malikisi angati?" Ndinati onse. Sanaseke. Wina anafunsa ngati n'zoona kuti chaka chamawa azikwera mabasi awiri kupita kusukulu ina. Ndinati sindikudziwa. Ndikudziwa.

Lolemba, 25 Januwale

21°C. 70°F.

Si boyila ayi. Oyendera a boma anabwera kudzaona ngati ndinanama, ndiye Lamlungu ofesi ya sukulu za mumzinda inabwereka mahita aakulu otenthetsa m'makalasi asanu ndi limodzi. Anthu athu omwe! Akuopa kuti Tillery ioneka yolephera. Ahedi pakhonde, suti yatsopano: "Odessa, alendo akamabwera timasesa pabwalo. Usandiyang'ane choncho."

Oyenderawo analowa mu 214 ndi choyezera chawo. Mmodzi anachiyang'ana, n'kundiyang'ana ine, n'kulemba. Ndinamuonetsa hita pakona, chikwangwani cha kampani yobwereketsa chikadali pomwepo. Akuti fomu yake ili ndi malo a nambala basi.

Ananyamuka 11 koloko. Lole inabwera 2 koloko kudzatenga mahita. Bambo Kowalczyk anathandiza kukweza, akutukwana m'Chipolishi. "Zaka zitatu ndikupempha kachitsulo kamodzi, aphunzitsi. Kamodzi! Awa tsiku limodzi apeza lole."

Nyuzipepala yakonza cholakwa chake. Mizere iwiri, tsamba 14, pansi pa malonda a matayala.

Nambala yanga inali yoona, anaiseka. Yawo ndi yoonanso, 70, ndayeza ndekha. Ndipo ndi bodza lenileni. Ndakhala ndikuphunzitsa kuti nambala imafuna muyeso. Imafunanso munthu woima pambali pake, wokana kukhala pansi nyali ikafiira. Izi m'mabuku anga munalibe.

Lachiwiri, 26 Januwale

10°C. 50°F. Ana 31, otsokomola 9.

Voti mawa 2 koloko. Lorraine akuti alembetsa aphunzitsi 1,100, basi yathu inyamuka pa tchalitchi 7 koloko. Sanandifunse. Anangosiya chikwangwani chosalemba patebulo panga ndi cholembera chakuda.

Wogwidwa akunama matenda amalandira kalata ya chenjezo, mwinanso kulandidwa chiphaso. Ndawerenga ndime imeneyo kawiri. Ine nkhope yanga aidziwa kale.

Lachitatu, 27 Januwale

5:50 m'mawa. Ndadziyeza. 36.8°C. Mutu bwinobwino, pakhosi bwinobwino. Palibe chimene chikundiwawa chimene dokotala angachipeze.

Chikwangwani ndalemba: 12°C = 54°F. C wamkulu ngati mbale, woti wa tayi yofiira amuone ali pawindo.

Nsapato zoyendera m'chipale chofewa, masikono awiri m'chikwama, kope. Ndaimba nambala ya ofesi. Makina oyankha foni, mawu a mayi wosatopa: ngati mukudwala, dinani 1.

Ndadina.