Mchere M'mimba mwa a Hajja

Sfax,
Mwezi wa Meyi, 1994

Achemwali anga a Mabrouka,

Mtendere wa Mulungu ukhale pa inu ndi pa onse a m'nyumba. Mukudzuka bwanji kumeneko ku Douz? Miyendo ija ikutupabe? Nanga bambo, maso awo akuti bwanji ndi mphepo ya mchenga ya masiku ano? Ife kuno tilipo ndithu, kungoti mtima wanga suli m'malo.

Kalata iyi musafulumire kuwawerengera bambo monga mumachitira nthawi zonse. Lowani nayo kukhitchini, muiwerenge nokha mpaka kumapeto. Kaphukusi kamene a Hamadi oyendetsa takisi akupatseni pamodzi ndi kalatayi musakamasule pamaso pa anthu.

Za kuno n'zochepa. Chinyontho cha m'nyanja chamubwezera mlamu wanu Najiba chifuwa chija, moti akumagona chotsamira khoma. Kudoko nsomba zachepa, masiku ena timangosuntha mabokosi opanda kanthu n'kubwerera kunyumba dzuwa likadali pamutu. Eni nyumba nawo akudandaula kuti bwalo lawo ndalisandutsa galaja, akuti oyilo wafika mpaka kumizu ya mtengo wawo wa ndimu. Akunena zoona.

Tsono nkhani ndi ya a Hajja, Landirova yathu ija. Ndimasekabe ndikakumbukira kuti malemu amayi ndiwo anaitcha dzina limeneli, akuti imayenda modzilemekeza ngati mayi wochokera ku Makka, ndipo pokwera chitunda imabuula ngati ikupempha chikhululuko. Itafera pakhomo kumapeto kwa chilimwe chatha, tinaikweza pa lole ya zipatso za kanjedza kubwera nayo kuno. Tsiku limenelo ndinalonjeza bambo pamaso panu kuti kutentha kusanafike ndidzaibweretsa ikuyenda yokha.

Mawu anga amenewo ndi amene anachititsa bambo kulola mng'ono wanga Lazhar kupita ndi ngamila zonse kutali kuja, ku chitsime cha kwa Ammar, kumene mvula inagwako pang'ono. Tonse tikudziwa kuti chitsime chimenecho chimaphwa kukangotentha. Tinkadalira kuti a Hajja azidzatuta migolo ya madzi mpaka chilimwe chithe, monga ankachitira kale.

Ntchito ndinaigwira, achemwali, Mulungu ndi mboni. Ndikaweruka kudoko ndinkangosamba m'manja n'kulowa kunsi kwa galimoto, fungo la nsomba likadali m'malaya. Mabuleki ndinakonza. Masipuling'i a kumbuyo, amene migolo inawalemetsa mpaka kuwongoka ngati thabwa, ndinasintha. Giya yachiwiri ija inkachoka yokha, imene bambo ankaigwira ndi bondo, tsopano imakhala pamalo pake.

Mukanaona zimene ndinapezamo! Paipi ya utsi inali yomanga ndi waya wa mpanda. Bowo la pansi pa mpando linali lotseka ndi chitini cha nsomba chochita kuphwanyidwa ndi mwala. Nthanga za kanjedza zokha ndinakololamo zodzaza ndowa. Ndinaseka ndekha kunsi kuja, kenako misozi inangobwera, chifukwa mfundo iliyonse ya wayayo ndinkaizindikira kuti ndi dzanja la bambo.

Wondithandiza anali a Chedli, mkulu wa nyumba yoyandikana nafe, amene anakalambira pa ntchito yoyendetsa malole. Kuthandiza kwawo kunali kukhala pampando ndi kapu ya tiyi n'kumandinyogodola. Akafika ankayamba ndi kufunsa kuti, "Iwe m'busa wa ngamila, maliro aja mwaika, kapena mukudikirabe achibale?" Ine ndinkawayankha kuti a Hajja adzawanyamula iwowo kupita nawo kumanda n'kubwerako akuyenda. Iwo ankati zili bwino, bola ndisadzayendetse ndine, angadzafe kawiri. Koma bawuti ikakana kumasuka ankaika kapu pansi n'kugwira sipanala, ndipo manja awo akadali ndi mphamvu.

Najiba poyamba ankaida galimotoyi, ankati ndakwatira mitala ndipo mkazi wamkulu ndi uyo wagona pabwaloyo. Pamapeto pake ndi iye yemwe anasoka nsalu za mipando, anachita kung'amba bulangeti lathu lakale. Ine ndinaipaka penti wa mtundu wa mchenga wa kwathu, uja wa m'mawa dzuwa lisanapse. Inakongola ndithu.

Lachisanu lapitali titachoka ku mzikiti ndinamanga batire, ndinathira madzi ndi oyilo watsopano, ndinatchula dzina la Mulungu n'kupotoza kiyi. Inatsokomola, inatsokomolanso, kenako inalira. Kulira komwe kuja, achemwali, kumene tinkakumva tili ana galimoto ikadali kuseri kwa zitunda za mchenga, tonse n'kuthamangira kuchipata. Najiba anaimba nthungululu, chifuwa chili chomwecho. Ndinayenda nayo mpaka ku msewu wa ku Gabes, a Chedli ali pambali panga akulizira hutala aliyense, ndi abulu omwe. Ndinauza a Chedli kuti Lachiwiri ndikhala ndikumwa tiyi ku Douz. Akuluakulu anati linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Ine sindinalinde.

Titabwerera kunyumba a Chedli anati tione oyilo, mwa chizolowezi chabe. Anasolola kachitsulo koyezera n'kundionetsa. Oyilo amene ndinathira masana omwewo anali atayera ngati tiyi wamkaka. Madzi anali akulowa m'kati mwa injini.

Ndinadzitonthoza kuti ndi gasiketi, kotchinga kaja ka pansi pa mutu wa injini, mwina sindinamange bwino. M'mawa mwake tinatsegulanso mutu wa injini, ndipo ulendo uno tinapala dzimbiri lonse la m'njira zimene madzi amadutsamo. Kunapezeka kuti dzimbiri limenelo ndi limene linkagwira injiniyo. Pansi pake chitsulo chinali chobookabooka ngati mtengo wodyedwa ndi chiswe. Nditakanikiza ndi chala pa khoma lolekanitsa madzi ndi oyilo, kachidutswa kanathyoka n'kutsalira m'manja mwanga.

A Chedli anatenga kachidutswako, anakanunkhiza, kenako anakagunditsa palilime n'kulavula. Anati, "Mwanawe, mayi ameneyu mumamumwetsa chiyani kwanuko? Msuzi? Mchere uli umu ungathire nsomba za padoko lonse!" Ankafuna kuti ndiseke. Ataona nkhope yanga anangondigwira paphewa, ndipo tsiku limenelo za maliro sanazitchulenso.

Inu mukudziwa chimene tinkawamwetsa a Hajja. M'chipululu madzi okoma a m'thumba lachikopa anali a anthu, a tiyi ndi a mlendo. Redieta ikayamba kuwira, bambo ankatunga a m'chitsime, amchere aja amene ngamila zimamwa, n'kuthiramo. Ankati chimene ngamila yamwa galimoto singachinyoze, ndiponso munthu wothira madzi okoma m'chitsulo, pamene mawa mwana angamve ludzu, saopa Mulungu. Tonse tinkathira, ine, inu, Lazhar yemwe. Bambo sindikuwaimba mlandu ngakhale pang'ono. Madzi amene anaimana galimoto ndi amene tinamwa ife mpaka kukula. Kungoti mchere sunamve zimenezo, unkangodya mwakachetechete zaka zonsezi.

Musaganize kuti ndinangokhala manja lende. Injiniyo ndinaikweza pa ngolo kupita nayo kwa wowotcherera zitsulo. Anayesa, koma akatseka bowo limodzi pambali pake pankabooka lina. Pomaliza anavula magalasi ake n'kundiuza kuti iye ntchito yake ndi yowotcherera, za kuukitsa akufa ndikafunse kwa Mwini wake.

Ndayenda konse kumene amagulitsa zitsulo za magalimoto akufa, mpaka nsapato kutha. Injini za mtundu umenewu ndinazipeza, koma zonse n'zochokera kwathu kum'mwera, ndipo zonse n'zodyeka chimodzimodzi. Zikuoneka kuti si bambo okha amene ankaopa Mulungu. Mwini malo ena akuti ina ikhoza kubwera kuchokera kumpoto kumene kumagwa mvula, mwina mwezi wamawa, mwina utatha winawo. Mawu amenewo ndikuwadziwa bwino, ndi omwe ine ndakhala ndikukulemberani chiyambire nyengo yozizira.

Dzulo a Hamadi anandiuza zimene anamva kwa abusa amene atsika kale. Akuti ku chitsime cha kwa Ammar ndowa ikutuluka ndi matope, ndipo Lazhar wayamba kumwetsa ngamila zoyamwitsa zokha, zina zikungonunkhiza mwala wa pachitsime. Anzake onse anasamuka, watsala yekha. Atamuuza kuti atsike nawo limodzi, akuti anayankha kuti achimwene anga akubwera ndi madzi, ndikachoka pano adzandisowa. Mawu amenewa andilasa mtima kuposa za injini.

Pempho langa ndi limodzi. Tumani munthu wa ngamila yothamanga, alamu anga a Belgacem ngati angathe, akamuuze Lazhar kuti atsike ndi ziweto tsopano lino, zikadali ndi mphamvu zoyendera. Akachedwa ana a ngamila adzagwa panjira, ndipo zikuluzikulu zikagwada ndi ludzu sizidzukanso. Mwanayonso ndikumuopera, madzi ake akumwa sangamufikitse patali. Kumudzi kulibe msipu, ndikudziwa, ndipo zina tidzagulitsa motaya pa msika wa Lachinayi. Bola kugulitsa ngamila yowonda kusiyana ndi kukatola mafupa.

Vuto ndi lakuti Lazhar sangasunthe popanda mawu a bambo, ndipo bambo mukuwadziwa. Mukangowauza kuti galimoto sinathe, adzati timupatse Tijani sabata ina, mwana uja ali ndi manja. Munandilembera kuti madzulo aliwonse akumakwera makwerero kupita padenga, ndi maso awo amenewo, kukatchera khutu ku msewu wa ku Kebili. Munati amanena kuti adzamva kulira kwa a Hajja inu nonse musanaone ndi fumbi lomwe. Munthu wotero simungamutsitse padenga ndi mawu.

Najiba anati ndiname, ndinene kuti injini ndaiwononga ndine pomanga, kuti mkuluyo asadziimbe mlandu pa ukalamba wake. Ndaganizira zimenezi mpaka mutu kupweteka. Koma ndikatero adzati chimene dzanja lalakwitsa dzanja lomwelo likonza, ndipo adzadikirabe. Chimene chingawatsitse ndi choona chokha, ndipo choonacho chiwapweteka kwambiri. Zikundiwawa kuti wowatumizira ndine, komanso kuti wokawapatsa ndinu. Mundikhululukire, achemwali, katundu ameneyu anayenera kukhala wanga.

M'kaphukusi muja muli kachidutswa ka injini kaja. Muyambe mwawapatsa tiyi. Kenako muwaike kachitsuloko m'manja, muwauze kumene kachokera, musanene zambiri. Adzakapapasa, adzamva timabowo, ndipo ndikudziwa kuti adzakafikitsa palilime monga amachitira ndi madzi a chitsime chachilendo. Kakomedwe ka zitsime zathu palibe angawaphunzitse. Adzadziwa okha kuti apa palibe cha sabata ina.

Akadziwa musawasiye okha. Akafunsa ngati ndakwiya, muwauze kuti ine ludzu sindinalidziwe ndili mwana, ndipo lero ndadziwa kuti amene ankamwa mchere m'malo mwathu anali a Hajja. Mukatero muwapemphe mawu oti a Belgacem apite nawo kwa Lazhar.

A Hajja ali pabwalo pano, penti akuwala, mipando yatsopano. Anthu odutsa akumasuzumira pachipata n'kufunsa ngati ndikugulitsa. Ndawafunditsa lona kuti ndisamawaone ndikamapita kudoko. Sindiwagulitsa, ndipo injini ndipitiriza kufunafuna, koma tsiku sinditchulanso.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Belgacem, ndipo muwathokozeretu chifukwa cha ulendowo. Moni kwa ana anu onse, kwa azakhali a Zohra ndi kwa amalume a Massaoud. Najiba akupereka moni wambiri, akuti mankhwala a miyendo aja musasiye kumwa. A Chedli nawo akuti ndipereke ulemu wawo kwa bambo, ngakhale sanaonanepo. A Belgacem akamuuze Lazhar kuti asayang'anenso kumpoto kudikira ine.

Bambo muwapsompsone pamutu m'malo mwanga. Akatsika padenga madzulo ano, makwerero aja muwagoneke pansi.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Tijani