Za Klatchi ya Galimoto Yofiira ndi Phazi la a Hudson

Komiti ya Madalaivala ndi Amakaniko a m'Minda ya Tiyi, pa sukulu ya Chonde, Loweruka, 14 Seputembala 1957.

Analipo: a Isake (Wapampando), a Elson (Mlembi), a Danieli (makaniko), a Hudson ndi a Pilato (madalaivala).
Sanabwere: a Chester, ati njinga yaphulika, ngati mwezi watha.

1. Wapampando anati galimoto yaliwiro ya bwana wa esiteti ikuvutanso. Pamtunda injini imangolira, galimoto osakoka, fungo lili ngati nsanza yopserera. Klatchi yake anaiika ndi a Danieli mwezi watha, ndipo bwana wati Lolemba awachotsa ntchito.

2. A Danieli anati klatchi yatsopano imafuna kuyendetsedwa mofatsa mailosi mazana asanu kuti ikhazikike, ndipo anawauza a Hudson, amene amapita nayo ku Limbe. A Hudson anati sanathamange nayo ngakhale kamodzi. A Pilato anati mwina ndi mizimu ya m'phiri. Wapampando anawafunsa chifukwa chake mizimuyo siigwira malole.

3. Komiti inatuluka kukaona galimotoyo, poti a Hudson anabwera nayo. Tonse tinasuzumira, ena mpaka kugona pansi. Wapampando anapempha a Hudson kuti akhale monga amakhalira poyendetsa. Tinaona phazi lamanzere, lili mu jombo, litatsamira pachopondera klatchi, eni ake osadziwa, ndipo n'zimene zimapsereza klatchi.

A Hudson anati: "Zaka khumi ndayendetsa lole opanda nsapato, chitsulo ndimachimva ndi chala. Majombowa anandipatsa ndi bwana, ati dalaivala wawo asamaoneke ngati wothyola tiyi. Mmenemu sindimva kanthu."

4. A Pilato anati komiti ilembere bwana kalata yongonena kuti a Danieli alibe mlandu, osatchula munthu. A Hudson anakana: "Bwana uja akafuna wolakwa. Lembani dzina langa, ana a Danieli asagone ndi njala chifukwa cha phazi langa." Mlembi walilemba, koma sizinamukomere.

5. Zina ndi zina: A Danieli anapempha kuti msonkhano wotsatira ukachitikire kwa a Hudson ku Thuchila pa 12 Okutobala, ndiponso kuti a Hudson akhalebe membala, kaya ali pantchito kaya ayi. Palibe anatsutsa.

Msonkhano unatha 4 koloko madzulo ndi pemphero la a Hudson.

Isake, Wapampando
Elson, Mlembi