Ndimangothandiza Kumunda

Baixa do Angico,
mwezi wa Okutobala

Wokondedwa mng'ono wanga Ivonete,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako kumeneko ku São Paulo, iwe pamodzi ndi alamu anga a Nilton ndi ana onse. Kodi mawondo aja akukulolabe kukwera masitepe a kuntchito? Nanga mwana wako Keila, khanda lake layamba kuyenda? Ife kuno tilipo, kupuma kokha ndiye tikupuma. Mvula ya chaka chino inatinamiza. Tsiku la Yosefe Woyera linadutsa kumwamba kuli mbee, ndipo ukudziwa wekha kuti zikatero ndi chilala. Chimanga chinapserera chisanamasule, khobwe tinakolola wongokwanira kulawa.

Usadabwe kuti ndakulembera kalata m'malo moimba foni. Ndikangogwira foni, amuna anga, alamu ako a Anacleto, amadzakhala pakhomo penipeni ngati akukonza chingwe cha mbuzi, koma makutu ali kwa ine. Nkhani iyi ikuwakhudza, ndipo sindifuna kuti aimve ikutuluka pakamwa panga.

Malo tikukhala ano akugulitsidwa. Chimwalirire a Otacílio, eni munda, ana awo sakufunanso zogawana zokolola ndi alimi. Apeza anthu ofuna kuimikapo zitsulo zazitali zija zopanga magetsi ndi mphepo. Mwana wamkulu wa malemuwo anabwera pa galimoto, osatsika n'komwe, n'kutiuzira pawindo kuti mvula ikubwerayi tisadzalenso. Takhala pano chikwatiranire, Ivonete, ndipo mtengo wa mango umene anaimika galimoto pansi pake ndinadzala ndine.

Sindinalire tsiku limenelo chifukwa ndinali ndi podalira. M'mwezi wa Malichi ndinakwanitsa zaka 55, zaka zimene mkazi wolima amayamba kulandira penshoni ya boma. Alamu ako ayenera kudikira zaka zina zitatu, poti amuna amayamba akafika 60. Kuseri kwa tchalitchi kuli kanyumba ka lendi, kali ndi mpanda woti mbuzi ziwiri zingakwanemo. Ndinali nditakaona kale, ndinayeza ndi maso pamene ndidzaike mbaula. Ndi penshoni yanga tikanalipira lendiyo n'kumadya tili awiri pamodzi. Popanda iyo tipatukana. Mwana wathu Gilvan ku Goiás amagona chipinda chimodzi ndi mkazi wake ndi ana, ndipo wanena mosabisa kuti angathe kulandira mmodzi yekha, bambo ake, amene angamawathandize ntchito ya zomanga.

Lamulo likuti munthu asonyeze kuti walima zaka khumi ndi zisanu. Nditamva ndinaseka. Ine, amene ndinagwira khasu mano a mkaka asanathe kuguluka? Iwe ndinkakubereka kumbuyo uku ndikupalira chinangwa cha bambo athu, ndipo unali wolemera ngati mwala.

Lindalva, uja anandigwirira Gilvan pa ubatizo, akulandira kale penshoni yake. Anandichenjeza kuti ndisadzole mafuta m'manja, ndisavale diresi la ku Misa, ndipite monga ndimakhalira masiku onse. Ndinamuyankha kuti ine si wamisala woti ndikaonekere kwa aboma ngati ndikuchokera m'khola. Ndinasamba, ndinakwecha zikhadabo, n'kuvala diresi labuluu lija unanditumizira.

Ku ofesi ya penshoni ndinapeza mtsikana wa msinkhu wa Keila. Anayala mapepala anga patebulo. Setifiketi ya ukwati ikuti ntchito yanga ndine wapakhomo. Khadi la kuchipatala likuti wapakhomo. Pepala lolembetsera Gilvan sukulu, chimodzimodzi. Tsiku la ukwati anandiyankhira ndi bambo athu, ine nditazyolika. Kwinako ndinkayankha ndekha, chifukwa ndi mmene mkazi waulemu amayankhira kuno. Ukanena kuti umalima, ndiye kuti walengeza kuti mwamuna wako akulephera kukudyetsa.

Kenako anandifunsa, maso ali pakompyuta, kuti ndimagwira ntchito yanji.

Ndinati, "Sindigwira ntchito ine, mwanawe. Ndimangothandiza abambo akunyumba kumunda."

Analemba momwemo. Sindimuda mtsikanayo, analemba zimene anamva. Mawu amenewa sindinawaganizire, anangotuluka okha. Ndi omwe ankayankha mayi athu, mayi amene matenda obala iwe anawayamba ali pakati pa mizere ya nyemba. Kwathu kuno munda ndi wa mwamuna, mkazi amathandiza, ngakhale atapalira mizere yambiri kuposa mwini mundayo.

Yankho litabwera, anali atandikana. Ndinabwereranso kukafunsa, ndipo bambo wina wa mu ofesimo anandiuza mokoma mtima kuti ndisataye mtima, pali chithandizo china cha okalamba osauka chimene sichifunsa ngati munthu analimapo. Chimenecho chimayamba munthu akakwanitsa zaka 65. Ndinamufunsa ngati njala imadziwa kudikira zaka khumi. Ayi, ndikunama. Ndinangoti zikomo bwana, funsolo linandibwerera ndili kale m'basi.

Lindalva atamva zimene ndinayankha anatsala pang'ono kundimenya ndi chikuni. Anati, "Kuthandiza? Iwe amene chaka chija a Anacleto atagona ndi msana unalima munda wonse wekha? Amene amathandiza pakhomo pako ndi iwo, chitsiru iwe."

Ndi yemweyo ananditengera ku bungwe la alimi, kumene kuli loya wamkazi dzina lake Rosângela. Mayi ameneyu anati nkhaniyi tiitengere kukhoti, koma mawu oti kuthandiza ndiwasiye kunyumba pamodzi ndi diresi labuluu. Anati ndikafunsidwa ndiziti ndimalima, basi. Ndinkayeserera ndikukama mbuzi, ndikutunga madzi pa thanki. Ndimalima, ndimalima. Zinkamveka ngati ndikudzitama, kapena ndikuba ulemu wa munthu wina.

Mlandu unalowa mwezi wathawu. Ndinapita ndi zovala zakumunda, manyazi ali tho. Woweruza anali bambo wachinyamata, waulemu wake. Anandifunsa nthawi imene timadzala khobwe, ndi mmene ndimasiyanitsira chinangwa chowawa ndi chozuna. Pamenepo lilime linamasuka, ndikanamuphunzitsa mpaka dzuwa kulowa. Kenako anati ndimuonetse manja. Ndinawatambasula patebulo lake lonyezimira, iye n'kuweramira pafupi. Chibadwire palibe mwamuna amene anayang'anapo manja anga nthawi yaitali chotero. Loya wanga anandimwetulira, ndipo ndinaona kuti zikuyenda.

Lindalva anachitira umboni bwino. Koma mboni yachiwiri, a Firmino oyandikana nafe munda, anali atagonekedwa m'chipatala. Woweruza anaona alamu ako atakhala pa benchi yakumbuyo, chipewa chili pabondo, ndipo anati mwamuna sangakhale mboni ya mkazi wake, komabe angomva mawu awo pang'ono. Iwo palibe amene anawakonzekeretsa. Tonse sitinaganizeko kuti angafunsidwe kanthu.

M'chipindamo munali amuna a kwathu kuno odikira milandu yawo, komanso loya wa boma, wovala tayi. Woweruza anafunsa kuti, "Bambo, kodi akazi anu amagwira ntchito kumunda?"

Ndinawaona akuwongola khosi, ndipo ndinadziwiratu.

Anati, "Bwana, ine ndine wosauka, koma mkazi wanga sanavutikepo ndi ntchito. Chimukwatire ndimamudyetsa ndine. Iye amangothandiza apo ndi apo, akafuna."

Atatero anatembenuka n'kundiyang'ana ngati munthu amene wandipatsa mphatso pagulu.

Loya wa boma sanafunsenso china chilichonse. Chigamulo chinati mapepala onse akuti ndine wapakhomo, ine mwini ndinanena zomwezo ku ofesi, mwamuna wanga wavomereza, ndipo manja okha sangatsutse zonsezi. Tinaluza, Ivonete.

Tinabwerera pa lole. Titatsika pamphambano paja, anthu atapita, anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Amake Gilvan, ndalakwa chiyani? Mumafuna ndiime pamaso pa amuna anzanga ndinene kuti mkazi wanga ndinamusandutsa bulu?"

Ndinati, "Bulu ndinali kale, abambo a Gilvan. Lero ndimangofuna kuti boma limudziwe buluyo."

Sindinawalankhulepo chotero m'banja lathu lonse. Anayenda patsogolo panga mpaka kunyumba osacheuka.

Chichokereni tsiku limenelo sakudya bwino. Amalawirira kukachita ntchito zanga, kukama mbuzi, kutunga madzi, ngakhale kusesa pabwalo, zimene sanachitepo. Pepani sanena, sadziwa katchulidwe kake. Nthawi zina ndimawakwiyira kwambiri, kenako ndimawamvera chisoni, ndipo chisonicho chimandikwiyitsanso. Sabata yatha ndinawapeza kuseri kwa nyumba atagwira makasu athu awiri, akuwayerekeza. Osandiyang'ana anati khasu langa latha kuposa lawo. Ndinawauza kuti abwere adzamwe khofi asanazizire. Ndikanati chiyani? Madzi akatayika saoleka.

Mayi Rosângela akuti tingathe kuchita apilo, koma oweruza akuluakulu aja saona manja a munthu, amaona zimene zili m'faelo. Pakufunika chinthu chakale, cha zaka zam'mbuyomo, chosonyeza kuti ndinali mlimi. Pepala lililonse, ngakhale chithunzi. Ndinakhuthula chitini cha zithunzi pabedi. Chithunzi cha ubatizo, cha ukwati wa Gilvan, cha chikondwerero cha Yohane Woyera. M'zonsezo ndavala diresi loyera, tsitsi lapesedwa, ndipo manja ndawabisa kumbuyo. Aliyense wobwera ndi kamera ndinkamuuza kuti adikire ndikasambe kaye.

Tsono ndafika pa chimene ndakulemberera. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, choncho ndinena mosazungulira.

Ukukumbukira chaka chimene unabwera kumaliro a mayi athu, uli ndi kamera yatsopano? Patapita masiku ochepa titaika maliro unandipeza ndikuchokera kumunda, khasu paphewa, mtolo wa chinangwa pamutu, buluku long'ambika la alamu ako mkati mwa siketi, kuphazi kulibe kanthu. Unaseka n'kundijambula ndisanakonzeke. Ndinakutukwana pamaso pa ana ako. Ndinati ukufuna kukaonetsa anzako a ku São Paulo kuti mkulu wako ndi chinyama cha kutchire. Ndinakulumbiritsa pa manda a mayi, dothi lisanaume, kuti chithunzicho chikadzatsukidwa udzaching'ambe. Unachoka osanditsanzika bwino, ndipo panapita nthawi tisanalankhulanenso.

Zithunzi zako za nthawi imeneyo zinkatuluka ndi deti lofiira pakona. Ndinamuuza loya zimenezi, ndipo anaimirira pampando. Akuti sangalonjeze kuti tipambana, koma ndi chithunzi chotero ali ndi poyambira, ndipo popanda icho apilo ingakhale yongotaya nthawi. Akuti chifike mwezi uno usanathe.

Ivonete, iwe chibadwire sunandimverepo. Ndinakuletsa kupita ku São Paulo, unapita. Ndinakuletsa a Nilton, lero muli ndi zidzukulu. Usiku ndi usana ndikupempha Mulungu kuti tsiku limenelonso sunandimvere. Funafuna m'makatoni onse, m'masutikesi akale, ngakhale kwa Keila, mwina anatenga zithunzi zina pokwatiwa. Ukachipeza usachipinde, ukachitumize ndi kalata yosainira ku bungwe la alimi, m'dzina la mayi Rosângela.

Ngati unaching'amba, usadziimbe mlandu. Unachita zimene mkulu wako anakulumbiritsa pa manda a mayi athu. Ungondiuza ngati pabalaza pako pangakwane matiresi, komanso ngati kumeneko alipo angalembe ntchito mkazi wa msinkhu wanga, yochapa kapena yosamalira odwala. Alamu ako akudziwa kuti mwina ndingakupemphe malo. Chimene sindinawauze n'chakuti matiresiwo ndi a munthu mmodzi.

Ukaimba foni Lamulungu usatchule za kalatayi, chifukwa adzakhala ali pakhomo ndi chingwe chawo chija. Ndikadzafunsa ngati kumeneko kwagwa mvula, udzati inde ngati wachipeza. Ngati sunachipeze udzati ayi, ndipo ndidzamva.

Undiperekere moni kwa a Nilton, kwa Keila ndi mwamuna wake, ndipo kamdzukulu kako ukapsompsone m'malo mwanga. Lindalva akuti moni, akutinso wakusowa. Mulungu akusungeni nonse, ndipo Amayi Maria akhale nawe pofunafunapo.

Ndine mkulu wako,
Zenaide