Mwana amene mudanditengera

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno tilipo. Manachesi anu ku Thambani abereka mpaka Rozina wachita kuchirikiza nthambi ndi mphanda. Denga la khitchini lidasasuka ndi mphepo, tafoleranso. Mbuzi yanu yamakani ija yaswa ana awiri, ndipo onse atengera amawo.

Ine ndikadali hedi pasukulu ya atsikana ya mishoni ija. Anthu amati ndine wolimba. Ndikatsokomola pakhonde, kalasi yonse imangoti zii. Bambo mfumu amanditchula ndi paguwa pomwe kuti atsikana atengere ine. Pa zaka khumi ndi chimodzi zimenezi ndachotsa ana angapo opezeka ndi pakati, ndipo sindinazengerezepo.

Tsopano wapezeka ndi pakati ndi Tadala, mwana wa Rozina, ali Folomu 3. Kalata yomuchotsa yatayipidwa kale, ili mudirowa, ikudikira kuti ndisayine Lolemba. Boma limati mtsikana akachira abwerere m'kalasi, koma akuluakulu a sukulu ino amati pano ndi pa mpingo, akapeze malo kwina. Bambo mfumu adandiyitana pambali. "Ahedi, tikudziwa kuti ndi mwana wa mng'ono wanu. Koma mukamulekerera, makolo a ena aja tidzawauza chiyani?"

Mng'ono wanga! Amayi, kwathu kuno zoona zake tinkazidziwa awiri, ndipo pomwalira mwandisiya nazo ndekha. Ndinali Folomu 2 pamene zidandichitikira. Inu mudauza asisitere kuti ndadwala chifuwa chachikulu, n'kunditengera kwa achemwali anu kutsidya kwa malire, ku Zobue. Musanachoke mudayenda pamudzi miyezi iwiri mutamanga nsanza pamimba. Pobwerera, Rozina anali kumsana kwanu, ine ndili m'mbuyo ndi chikwama. Ndikamuyang'anitsitsa munkanditsina n'kunena kuti, "Iwe nyamula mabuku, uyu ndi wanga." Ndidanyamuladi mabuku, ndipo ndi amene andifikitsa pampando uno.

Dzulo Rozina adabwera kuofesi. Adakana mpando, adagwada pasimenti. "Achemwali, inu simunabereke, simungadziwe mmene zimawawira." Ndidangomuthirira tiyi. Atatuluka ndidakhoma chitseko, ndidalira, kenako ndidapukuta kumaso chifukwa belu linali litalira.

Ndikasayina, ndiye kuti ndathamangitsa mdzukulu wanga pa mlandu umene ine ndidapulumuka. Ndikakana, adzati ahedi akondera magazi awo, ndipo adzanena zoona kuposa mmene akudziwira. Nanga atsikana ndidachotsa aja? Wina amagulitsa nthochi kwa madalaivala a mathiraki kumalire. Akandiona amandipatsabe moni atapinda maondo. Iyeyo analibe mayi wodziwa kumanga nsanza.

Ndatopa, Amayi. Mudandipulumutsa, ndikuthokoza, koma nthawi zina ndimakukwiyirani. Mudandisokera diresi loyera kwambiri, moti zaka zonsezi ndakhala choimirira kuopa kulidetsa.

Za kalatayo sindikudziwa kuti nditani, ndisakunamizeni. Chimene ndikulonjeza ndi ichi: Lamulungu Misa ikatha ndikwera galimoto ya ku Thambani, ndikakhala naye pansi Rozina, ndikamuuza zonse. Kaya akanditukwana, kaya akandithawa, koma ndisanagwire cholembera adziwe kuti wosayinayo ndi ndani wake.

Mwandisungira mwana zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Mundikhululukire, ndikukamutenga.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Aginesi