Makina Anu Osokera

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Ine ndabwerako ku Salima dzana. Ndimati ndikakhale mpaka chaka chatsopano, koma ndinanyamuka Khirisimasi itangotha, ndipo ndikufuna chifukwa chake muchimve kwa ine.

Ndiyambe ndi zabwino. Mvula yabwera msanga, chimanga ku Chinguluwe chafika m'mawondo. Mpunga wa m'munda wanu uja unachita bwino. Alamu, akazi a achimwene Yohane, anachira mwana wamkazi mu Okutobala, wachipumi ngati chanu. Denga la kukhitchini likudonthabe pomwe paja munkatchera beseni.

M'chipinda mwanu mwadzaza matumba a feteleza, ndipo makina anu osokera mulibe. Nditafunsa achimwene, anati, "Ali kwa okonza, lamba anaduka." Ndinakhulupirira. Mwana wanu woyamba ndikanamukayikira bwanji?

Mawa lake ndinapita pa boma kukagula mafuta ophikira. Pamsewu wa kunyanja atsegulapo kasitolo kogulitsa zinthu zakale kwa alendo: mawailesi akufa, simbi zamakala, mitondo yong'ambika imene ife tikanawaza nkhuni. Ndinalowamo kuti ndikaseke chabe. Pakona panali makina anu, atawapukuta mpaka kunyezimira. Ndinawadziwira kadilowa kakumanja, paja munakhomera kamtengo kozengapo ulusi chogwirira chitathyoka. Ndinaponda chopondera. Lamba ali bwinobwino, Amayi.

Mayi wogulitsa anati, "Amenewo agulidwa kale, asisi. Eni loji ina kunyanja akufuna miyendoyo, aikepo thabwa likhale tebulo lomwerapo khofi. Mutuwo akongoletsera pakhomo." Ndinamuchonderera mpaka anawaimbira foni. Eni lojiwo anakana.

Makina aja munkati ndi amuna anu achiwiri, osamwa mowa, osathawa! Amene anasoka mayunifolomu a sukulu yonse Bambo atalowera ku Joni osabwerako. Amene anandiphunzitsa mpaka lero ana akunditcha madamu. Tsopano alendo aziikapo makapu.

Ndinakakhala pa kabwalo ka mitengo kaja pafupi ndi siteshoni ya sitima, pomwe tinkapumira tikachoka kumsika. Pali zii masiku ano, mabenchi anathyoka, mbuzi zokha n'zimene zimayendapo. Ndinalira mpaka mafuta aja ndinaiwala kugula.

Tsiku la Khirisimasi titatha kudya ndinati, "Achimwene, lamba uja ndamuona, sanaduke."

Anasamba m'manja kaye, kenaka anati, "Mlamu wako ankataya magazi pochira. Galimoto yopita kuchipatala ndikanaipeza ndi chiyani? Iwe umabwera kamodzi pa chaka ndi mabisiketi a ku Mzuzu, ndiye uzidzatifunsa za katundu wa m'nyumba muno?"

"Mukanandiimbira foni."

"Ine ndizipempha kwa mwana ngati iwe?"

Manyazi anandigwira. Ndinaganiza kuti inunso mukanawagulitsa makinawo kuti mupulumutse munthu. Ndinayamba kukonza mawu opepesa.

Koma tikutsuka mbale kuseri, alamu anandinong'oneza, maso ali m'beseni. Anati amene analipira galimoto ija ndi bambo awo owabereka. Makina anagulitsidwa mwezi watha, ndipo zimene anapezapo zinagula chiwailesi cha masipika akuluakulu chili pabalaza. Chomwecho chimene chinkalira tsiku lonse achimwene akuvina ndi anzawo, ine n'kumaomba nawo m'manja.

Chimene chikundiwawa si kugulitsako kokha ayi. Anatenga magazi a mkazi wawo n'kufunditsira bodza lawo, kuti wochita manyazi ndikhale ine. Munkatiuza kuti wabodza sadyera m'mbale yanu. Lero akudyera m'mbale zanu zonse, akugona pansi pa malata amene munagula ndi singano.

M'mawa mwake ndinadzera kumanda. Udzu unakwirira mtanda wanu, ndinauzula ndi manja chifukwa sindinafune kubwereka khasu pakhomo paja. Alamu anandiperekeza kukakwera kabaza, mwana ali kumbuyo. Achimwene anali asanadzuke.

Ndidzabwera m'chilimwe kudzakumangirani chiliza, zimenezo ndalonjeza. Ndidzafikira kwa azakhali ku Chitala, m'nyumba muja sindidzagonamo. Yohane ndi mwana wanu, mukhululukireni inuyo ngati mungathe. Ine sindinafikepo.

Ndimakukondani, Amayi.

Ndine mwana wanu,
Esinati