Wa Mtima Wachilendo

RÁHEL
Lachitatu

Bende 15:42
uli kuti? aphunzitsi akuti tiyambirenso dansi, ine ndaima ndekha pakati pa holo ngati mtengo wa magetsi

Bende 15:44
jekete lako wasiya pa mpando, panja pakuzizira iwe

Bende 15:51
wakwiya ndi mawu anga aja? kma anyamata akumbuyo aja aombera mmanja, sunamve?

Bende 16:20
[waimba, sanayankhe]

Bende 16:23
aphunzitsi anati aliyense womaliza sukulu alembe mzere umodzi woti uwerengedwe polowa ndi mnzake loweruka. anzanga alemba za maluwa ndi nyenyezi, zotopetsa. ine ndimafuna mawu oti mtsikana wina sanauzidwepo

Ráhel 17:05
jeketelo mpatse mnzanga panni

VILLŐ (SISI)

Bende 17:09
sisi thandizeni. akazi mumaganiza bwnj kodi

Villő 17:11
kkkk mlakatuli wathu wapsa? watani

Bende 17:12
poyeserera dansi awerenga pa maiki zimene ndamlembera, iye wangotuluka

Villő 17:12
unalemba chani

Bende 17:13
"Ráhel, wa mtima wachilendo, dziko lino lakuchepera"

Villő 17:19
ndiuze kuti ukunama

Villő 17:19
mawu amenewo wawatenga kuti

Bende 17:20
kwa adad, amawanena pa tebulo. amandisangalatsa kamvekedwe. mtima wochokera kutali, ngati adokowe aja amachoka ku mtsinje wa Tisza kukayamba kuzizira

Villő 17:24
[uthenga wa mawu 0:48]
Iwe Bendegúz, mutu wako umakhala m'mitambo mpaka liti? Adad ndi anzawo a kuchipani akamati a mtima wachilendo amanena Ayuda. Kuwatchula poyera amaopa atolankhani, ndiye anapeza mawu ozembera. Tanthauzo lake n'loti munthu anabadwira mu Hungary muno, chilankhulo n'chathu, koma mtima wake si wathu, ndiye anyamuke. Iwe waonjezeranso kuti dziko lamuchepera. Ukuganiza kuti ine ndimakakamiranji ku Budapest kuno osabwera kudzadya nanu Lamlungu?

Bende 17:26
ayi sisi. adad amanena za eni mabanki ndi a manyuzipepala

Villő 17:26
eya. ndie amati eni mabankiwo ndani?

Villő 17:31
ráhel ndi myuda?

Bende 17:38
anandiuza ine ndekha

Villő 17:38
iwe lero wauza holo yonse

RÁHEL

Bende 17:45
ráhel sindimadziwa. ndikulumbira pa manda a amama sindimadziwa

Bende 17:46
sorry sorry sorry

Bende 18:02
ndikubwera kwanu

Ráhel 18:03
usayerekeze

Lachinayi

Bende 07:31
mpando wako uli wokha. ukubwera?

Bende 09:50
csongor wa mkalasi mwathu anajambula vidiyo, waika pa gulupu ya kalasi. ndamuuza achotse, wandiyankha kuti ndisachite manyazi, ndine mwana wa bambo anga. ndikanammenya kma belu linalira

Bende 11:15
mvera. loweruka ndilanda maiki ndiwerenge ndakatulo ina, yaitali, onse amve kuti ndiwe wanga. kapena tingokwera sitima wa ku Vienna, ine ndi iwe basi, mayeso tidzalemba chaka china

Bende 11:16
yankha plz mtima ukundiphulika

Ráhel 13:40
[uthenga wa mawu 1:12]
Bende, tangokhala chete pang'ono. Tsiku lija ku mtsinje ndinakuuza chinthu chimene amayi anandiletsa kuuza aliyense kusukulu. Unandiyankha kuti zilibe kanthu, n'kuyamba kundionetsa mitambo. Ndinasangalala, ndinayesa ndapeza munthu. Lero vidiyo ija yatuluka m'kalasi, ili pa tsamba la achinyamata a chipani cha bambo ako. M'munsi mwake wina walemba dzina la sitolo ya magalasi ya amayi, ndi msewu wake. Wina wafunsa ngati sitima zija zinkanyamula Ayuda kupita kokaphedwa nthawi ya nkhondo zidakalipo. Amayi awerenga zonse ataimirira, kenako apita kukatsegula sitolo ngati palibe chachitika. Ine ndi amene ndalephera kutuluka.

Bende 13:43
ndichite chani. chilichonse. ndiuze

Ráhel 13:44
usandilemberenso ndakatulo

Ráhel 13:47
chinthu chimodzi basi. lero pa chakudya uwafunse bambo ako kuti a mtima wachilendowo ndani. atchule ndi pakamwa pawo. ndie uwauze kuti amene ukuvina naye loweruka ndi mmodzi wa iwo, ndipo umamukonda

Bende 13:47
zimenezo zokha? lero lomwe

Ráhel 13:48
ukatero diresi la dansi limene ndinabwereka sindibweza

Bende 13:48
usabweze. ndikufuna ndidzakuone mu zoyera zija mpaka ndiiwale masitepe

VILLŐ (SISI)
Lachisanu

Villő 08:05
ndie? adad anati chani

Villő 10:12
ndikuona kuti wawerenga

Bende 10:30
[uthenga wa mawu 1:26]
Sisi, mawu onse ndinawakonza, ndinayeserera m'bafa mpaka madzi kuzizira. Koma adad anabwera ndi anzawo atatu a kuchipani, atanyamula botolo la kachasu wa pálinka. Vidiyo anali ataiona kale. Atangolowa anandigwira mutu n'kundipsompsona masaya onse awiri. Inu mukudziwa, chimwalirire amama sanandigwirepo ngakhale phewa. Anauza alendowo kuti ankayesa abereka wolota, kani abereka mwamuna wodziwa kulasa ndi mawu. Wandevu uja anati ndizikawalembera zonena pa misonkhano. Anandithirira, tinagunditsa matambula. Ndinatsegula pakamwa, ndithu ndinatsegula, koma adad ankandiyang'ana maso ali ndi misozi. Ndinangomwa.

Villő 10:36
mxm

Villő 10:37
ndikanakutukwana kma inenso sindinawafunsepo. ndinangopakira chikwama

Bende 10:38
ndiwafunsa mawa ikatha dansi, akakhala okha

Villő 10:38
inenso ndinkatero

RÁHEL

Ráhel 12:02
wawafunsa?

Bende 12:19
kunabwera alendo

Ráhel 12:20
anaiona vidiyo?

Bende 12:31
eya

Ráhel 12:31
anati chani

Bende 12:47
ndikufotokozera tikakumana, pa foni sizimveka bwino

Ráhel 12:48
ok

Bende 14:10
ndipatse tsiku limodzi lokha

Bende 16:55
ndadutsa pa sitolo, amayi ako amapukuta galasi la pakhomo. ndinafuna kuwathandiza kma ndinangopitirira

Loweruka

Bende 09:14
panni akuti anakuona dzulo ukubweza diresi. akunama eti?

Bende 13:30
aphunzitsi akuti ndivine ndi msuweni wa csongor. ndakana

Bende 15:05
ndili tsidya la msewu wanu, ndavala suti. sindigogoda. ungosuzumira pa zenera

Bende 15:22
riboni yako imene omaliza sukulu tivale lero, aphunzitsi anandipatsa kuti ndikubweretsere, ili mthumba

Bende 15:40
adad andiimbira katatu, alemba meseji kuti asungitsa mipando yakutsogolo ndi anzawo. sindikuyankha. waona? sindikuwayankha

Bende 15:58
ráhel sindimadziwa

Ráhel 16:09
ndakukhulupirira. lachitatu sunkadziwa

Ráhel 16:09
lachinayi unkadziwa

Bende 16:31
[uthenga wa mawu 3:04, sunamveredwe]