Fyuzi ya Vaneti ndi Ulendo wa Lenia

Fort Jameson,
Novembala, 1958.

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wanga. Kodi muli bwanji kumeneko? Mwendo uja unkakuvutani nthawi yokumba mtedza unaleka kutupa? Nanga mlongo wanga Lenia akudzuka bwanji ndi pakati pake? Ine thupi lili bwino, kupatula dzanja lamanja limene ndapsa, nchifukwa chake zilembozi zapendekeka ngati za mwana woyamba sukulu.

Ndisakuchedwetseni. Loweruka lija munandidikira sindinafike, ndipo Loweruka likubwerali sindifikanso. Galimoto yafa.

Sindinaiwale zimene ndinalonjeza. Lenia atataya mwana woyamba uja, anamwino a ku Tamanda anati ulendo wina adzapite kukadikirira kuchipatala masiku asanakwane. Mwamuna wake ali kumigodi, ndiye ndinati ndidzamunyamula ndine pa vaneti yanga, akhale kutsogolo pampando wofewa. Ndinanena pamaso pa mudzi wonse, ndipo ndinanena mokweza.

Vanetiyi mukuidziwa, ndi ija ndinagula kwa mzungu wa fodya amene ankathawa munda wake. Pondipatsa makiyi anamwetulira kwambiri. Lero ndikudziwa chimene ankamwetulira.

Amayi, m'galimoto muli kanthu kena amati fyuzi. Ndi kagalasi kotalika ngati chala cha khanda, ndipo m'kati mwake muli kawaya kowonda ngati tsitsi. Ntchito yake ndi kufera zinzake. Moto wa batire ukachuluka, kawayako kamaduka kuti galimoto yonse isapse. Kakaduka, nyali zimazima. Ine kusitolo kwa Mmwenye kumene ndimalemba mabuku amandimasula Loweruka dzuwa litapendeka kale, choncho ulendo wobwera kwanuko ndi wa nyali basi. Munthu wapakati sindingamuyendetse mumdima m'mapiri muja.

Chimene chikundipweteka nchakuti pabwalo galimotoyi ndi mngelo. Ndikayatsa nyali zimawala bwinobwino, ngakhale ndiisiye ikulira mpaka anansi atadandaula. Koma ikangolawa msewu wa mabampu, thi! Ndaiyesa kangapo pamsewu wa ku Madzimoyo, ndipo ulendo uliwonse ndabwerera ndi fyuzi yakuda m'thumba. Ndikudziwa chimene chikuchitika. Penapake pali waya wosupuka khungu, ndipo galimoto ikagwedezeka amakhudza chitsulo. Zimenezi ndinaphunzira ndisanachoke ku yunivesite, ndipo ndingathe kuzijambula pabolodi aliyense nkumva. Koma wayayo ali pati? Ndagona chagada pansi pake masabata onsewa, dzimbiri likugwera m'maso, kutsata mawaya ndi zala mmodzimmodzi. Onse ndi akuda, onse ndi okalamba, onse akuoneka olakwa. Amakanika a kuseri kwa msika nawo anayang'ana, nkupukusa mitu. Wina anati ndi makoswe, wina anati ndinalodzedwa. Wachiwiriyo ndinamufunsa ngati mfiti za masiku ano zimaphunzira zamagetsi.

Mafyuzi a msinkhu umenewu amapezeka pagalaja imodzi yokha m'tauni muno, ya azungu. Ife anthu akuda sitilowa pakhomo, timagulira pakazenera ka m'mbali, titaima padzuwa. Ichi ndicho Chitaganya cha maiko atatu chimene anati chidzatisandutsa abale. Nditapitako kachinayi, mwini galajayo anauza wantchito wake kuti andiuze kuti fyuzi siipsa yokha, koma boyi ameneyu sadziwa kugwira galimoto. Ine ndili pomwepo, Amayi, ndikumva. Ndinamuyankha m'Chingerezi choposa chake kuti amene sadziwa kulankhula ndi munthu ndi iyeyo. Anatseka kazenera. Mawa lake ndinatuma mnzanga, koma atangotchula mtundu wa galimoto anamuuza kuti mafyuziwo atha.

Mudzati pakamwa panga pandipwetekanso, monga munanenera nditabwerako kusukulu wopanda pepala. Nenani. Koma mzunguyo akanati alankhulenso lero, ndikanamuyankha chimodzimodzi.

Loweruka lija litafika ndinalibe fyuzi ngakhale imodzi. Madalaivala a malole anandiuza kuti iwo savutika ndi zimenezo, amangotenga kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu, nkukulunga fyuzi yakufayo, nkuibwezera. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti kutero nkuchotsa mlonda pakhomo. Koma ndinaganiza za Lenia atamanga kale kamtolo kake, ndipo ndinakulunga.

Nyali zinawala kuposa kale. Ndinatuluka m'tauni, ndinadutsa mabampu oyamba, achiwiri, osazima. Ndinayamba ngakhale kuimba. Kenaka ndinamva fungo ngati la mphira wopsa, ndipo utsi unatulukira pansi pa chiwongolero. Ndinalumpha nkukazula waya wa batire ndi dzanja lopanda kanthu. Galimoto sinayake yonse, koma mawaya asungunuka nkugwirana ngati phula, ndipo tsopano ngakhale injini siilira. Inabwerera m'tauni itamangidwa chingwe kumbuyo kwa lole ya nkhuni, ine ndili m'kati ngati mkwati, ana akuthamangira m'mbali.

Akuti pafunika mawaya onse atsopano, ndipo amachokera ku Salisbury. Mwina adzafika Khirisimasi itapita, mwina sadzafika. Masiku a Lenia sadikira zimenezo. Ndayenda m'tauni monse kupempha galimoto. Mmwenye wanga akuti yake siipita kumisewu ya kumudzi mvula ikayandikira. Ena akuti abwereke bwanji munthu amene wawotcha yake. Ndilibenso pogwira.

Pempho langa ndi limodzi. Musandidikire. Kuno mitambo yayamba kuunjikana cha kum'mawa, ndipo mvula ikangogwa yamphamvu, dambo la kumunsi kwa mudzi silidzawolokeka. Lenia anyamuke sabata lino, pa ngolo ya msuweni wanga Yakobo. Muyale udzu wambiri ndi mphasa, anyamuke kusanatenthe, ndipo azakhali a Edita apite naye.

Ndikudziwa, Amayi, kuti maso anu sawerenga, ndipo amene wagwira pepalali nkumakuwerengerani ndi Yakobo yemweyo. Ndiye ndilankhule naye.

Asuweni, werengani mokweza, musadumphe mzere. Munadzipereka kale kuti mudzamunyamula Lenia, ine nkukuyankhani pagulu kuti ngolo ndi ya manyowa, mlongo wanga sangakwere. Anthu anaseka. Tsopano ndi nthawi yanu. Sekani mpaka mukhute, muuze aliyense kuti wophunzira uja anakokedwa ndi lole ya nkhuni. Ndikadzabwera mudzandiseke pamaso, sindidzayankha, ndipo mukudziwa kuti kwa ine chimenecho nchovuta kuposa kupsa dzanja. Koma muyambe mwamanga ng'ombe. Pamiyala paja muziyenda pang'onopang'ono. Lenia akati muime, muime.

Amayi, mundiperekere moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa azakhali a Edita, kwa apongozi ake a Lenia, ndi kwa adzukulu anu onse. Lenia mumuuze kuti kansalu ka mwana ndinagula kale, kanali pampando pambali panga ndipo sikanapse, kakungonunkha utsi. Ndakachapa, ndipo ndakapereka kwa amene wabweretsa kalatayi.

Akangofika ku Tamanda, wina anditumizire mawu. Kufikira tsiku limenelo ndizingoyang'ana mitambo.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni.

Ndine mwana wanu,
Abednego